Masewera Ndi a Yani? Mbiri ya Dungeons & Dragons ndi Mkwiyo wa Osewera

Lake Geneva ndi tauni yaing'ono ya m'mbali mwa nyanja m'chigawo cha Wisconsin ku America. M'zaka za m'ma 1960 munkakhala bambo wina dzina lake Gary Gygax, yemwe ankagwira ntchito ku kampani ya inshuwalansi koma mtima wake wonse uli pa masewera a nkhondo a patebulo. Iye ndi anzake ankayala mapu, kundandika tiasilikali tachitsulo ndi kuponya madayisi pofuna kuona gulu lomwe lingapambane. Mu 1968 anachita lendi holo ina m'tauniyo n'kuitanira anzake okonda zomwezi ku msonkhano womwe anautcha Gen Con. Kunabwera anthu pafupifupi 100 okha. Ntchito ya inshuwalansi itamuthera mu 1970, anayamba kusoka nsapato m'chipinda chapansi cha nyumba yake, ndipo usiku ankalemba malamulo a masewera. Mu 1971 iye ndi Jeff Perren anatulutsa kabuku kotchedwa Chainmail, ka nkhondo za malupanga ndi mikondo, ndipo kumapeto kwake anawonjezerako masamba ochepa onena za afiti, zimphona ndi zinjoka zolavula moto.

Masamba ochepawo anafika m'manja mwa Dave Arneson, mnyamata wa ku Minnesota. Iye anachita chinthu chomwe chinasintha zonse. M'malo moti wosewera aliyense azilamula gulu la asilikali, anati aliyense akhale munthu mmodzi, wa dzina lake ndi mbiri yake, ndipo munthuyo akapulumuka lero azidzapitiriza ulendo sabata yamawa ali ndi mphamvu zowonjezereka. Anawalowetsa anzakewo m'mapanga a pansi pa linga la dziko lake lopeka la Blackmoor. Chakumapeto kwa 1972 anapita ku Lake Geneva kukamuonetsa Gygax, ndipo awiriwo anagwirizana zoika maganizowo m'buku.

Kwa amene sanaonepo masewerawa, tiyerekeze ndi nthano za madzulo. Wina amayamba kuti padangokhala, ena n'kumavomera kuti tili tonse. Kusiyana kwake n'kwakuti pano ovomerawo ndiwo anthu a m'nthanomo. Wotsogolera, yemwe amatchedwa Dungeon Master, amafotokoza kuti mwafika pakhomo lotseka ndipo mkati mukumveka kubuula, kenako amafunsa kuti muchita chiyani. Wina akuti athyola chitseko, wina akuti ayambe wamvetsera. Madayisi ndiwo amagamula ngati zatheka. Palibe amene amadziwa kumene nkhani idzathere, ngakhale wotsogolerayo. Mfundo imeneyi tiyigwiritsitse, chifukwa mikangano yonse ya zaka 50 yagona pamenepa: buku limangopereka malamulo, koma masewera enieniwo amapangidwa ndi anthu anayi kapena asanu okhala patebulo, ndipo ntchito yaikulu amagwira ndi wotsogolera, amene amatha maola ambiri akujambula mapu ndi kupeka midzi popanda womulipira.

Kampani zazikulu za masewera, monga Avalon Hill, sizinaone phindu m'zimenezi. Motero mu 1973 Gygax ndi mnzake wa paubwana Don Kaye anayambitsa kampani yawo ya Tactical Studies Rules, yomwe inadziwika ndi dzina lachidule la TSR, ndipo Brian Blume anabwera ndi ndalama zomwe zinkapereweza. Mu January 1974 anasindikiza makope 1,000 a Dungeons & Dragons, timabuku titatu m'kabokosi, pamtengo wa madola 10. Malamulo ake anali osokonekera ndipo anali ndi mipata yambiri, choncho osewera ankadzazamo zawo. Ankajambulitsa masamba n'kumagawana m'masukulu aukachenjede, ndipo ku Los Angeles mayi Lee Gold anayambitsa mu 1975 kamagazini ka Alarums & Excursions momwe anthu ankasinthana malamulo opeka okha. Masewerawa anafala chifukwa cha manja a osewera, osati chifukwa cha kutsatsa malonda.

Ndalama zitayamba kulowa, chikondi chinayamba kuchepa. Kaye anamwalira mwadzidzidzi mu January 1975, ndipo masheya ambiri anathera m'manja mwa banja la Blume. TSR itatulutsa mabuku atsopano a Advanced Dungeons & Dragons, inanena kuti amenewa ndi masewera ena, kotero Arneson sayenera kulandirapo gawo lake. Arneson anakasuma kukhoti mu 1979 ndipo anagwirizana kunja kwa khoti mu 1981. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kampaniyo inkagulitsa katundu woposa madola 20 miliyoni pachaka, koma inkamwazanso ndalama mosaganizira za mawa. Gygax, yemwe anali ku Hollywood kuyang'anira za katuni ya pa TV, anabwerera n'kupeza ngongole zili tho. Anaitana mayi Lorraine Williams kuti adzathandize kuwongola zinthu. Mu 1985 abale a Blume anagulitsa masheya awo kwa mayiyo, ndipo pakutha pa chakacho Gygax anali kunja kwa kampani yomwe anaiyambitsa iye ndi Kaye.

Nthawi ya Williams siyenera kunyozedwa yonse. M'zaka zimenezo munatuluka mayiko opeka omwe anthu amawakonda mpaka lero, monga Dark Sun ndi Planescape. Lalikulu mwa onse, Forgotten Realms, linachokera kwa Ed Greenwood wa ku Canada, wogwira ntchito mu laibulale yemwe ankalipeka kuyambira ali mwana, ndipo TSR inaligula kwa iye. Koma nthawi yomweyo maloya a kampaniyo sankapuma. Anasumira Mayfair Games chifukwa cha mabuku ake othandizira masewerawa otchedwa Role Aids. Anasumiranso kampani ya GDW chifukwa chosindikiza Dangerous Journeys, masewera atsopano a Gygax mwini wake, mpaka masewerawo anafera m'mazira. Ndiye mu 1994 intaneti itayamba kufika m'manja mwa anthu wamba, TSR inalembera makalata osunga masamba momwe osewera ankaikamo zilombo ndi maulendo opeka okha, kuwauza kuti achotse, ndi kuti zoterozo ziziikidwa pamalo amodzi okha ovomerezeka ndi kampani. Anthu amene ankaopsezedwawo sankagulitsa kanthu. Anali makasitomala okhulupirika kwambiri, omwe ankagula buku lililonse likangotuluka. Ambiri anayamba kulemba dzina la kampaniyo kuti T$R, ndipo chidani chimenecho sichinazilale mpaka kampani inagwa.

Inagwadi mu 1996. TSR inali ndi mgwirizano ndi Random House woti izilandira ndalama ikangotumiza mabuku, asanagulidwe n'komwe, choncho inkasindikiza mopyola muyeso. Mabuku osagulidwa atabwezedwa ambirimbiri, ndalama zolipira osindikiza zinasowa, ndipo kwa miyezi ingapo palibe chatsopano chinatuluka. Mu 1997 inagulidwa ndi Wizards of the Coast, kampani ya kufupi ndi Seattle yomwe inalemera ndi makadi a Magic: The Gathering, omwe Richard Garfield anapanga mu 1993. Mkulu wake, Peter Adkison, anali wosewera Dungeons & Dragons kuyambira kale, ndipo ankadziwa kuwawa kwa kusumiridwa chifukwa kampani yake, ikadali yaing'ono, inatsala pang'ono kutha pa mlandu ndi Palladium Books. Anakonza ubale ndi Gygax komanso Arneson. Ryan Dancey, amene anatumidwa kukaona mabuku a ndalama a TSR, anapeza nyumba yosungiramo katundu itadzaza ndi mabokosi omwe palibe ankawafuna, ndipo pambuyo pake analemba kuti chinapha kampaniyo n'kusamvera makasitomala ake.

Mu 1999 Hasbro, kampani yaikulu ya zidole yomwe ilinso mwini wa Monopoly, inagula Wizards pamtengo wa madola pafupifupi 325 miliyoni. Chaka chotsatira kunatuluka mtundu wachitatu wa malamulo a masewerawa, ndipo limodzi nawo kunatuluka kachikalata ka mawu pafupifupi 900 kotchedwa Open Game License, mwachidule OGL. Kachikalata kameneka ndiko mtima wa nkhani yathu.

Malamulo a ku America okhudza umwini wa zolemba salola munthu kukhala mwini wa kaseweredwe ka masewera. Amangoteteza mawu omwe wafotokozera kaseweredweko. Choncho mwalamulo munthu akanatha kulemba buku logwirizana ndi Dungeons & Dragons popanda chilolezo. Koma malire a pakati pa kaseweredwe ndi mawu ndi osaoneka bwino, ndipo wosindikiza wamng'ono angathe kukhala wolondola koma n'kusauka asanamalize kulipira loya. Aliyense ankakumbukira zomwe zinaonekera Mayfair ndi GDW. Zomwe OGL inachita n'kuchotsa mantha amenewo. Wizards inaika mbali yaikulu ya malamulo ake m'chikalata china chotchedwa System Reference Document n'kunena kuti aliyense, kulikonse padziko, angathe kugwiritsa ntchito zimenezi, kuzisintha ndi kugulitsa zomwe wapanga, osalipira kalikonse, mpaka kalekale. Zina, monga dzina la masewerawo ndi zilombo zingapo zodziwika, inazisunga. Dancey, yemwe anatengera nzeruyi kwa opanga mapulogalamu a kompyuta aulere, sankabisa kuti panali phindu. Ndalama zenizeni zili m'buku lalikulu la malamulo lomwe wosewera aliyense amagula, pomwe timabuku ta maulendo timabweretsa zochepa. Ena akamasindikiza timabukuto, onse amakhala akukankhira anthu ku buku la Wizards. Koma ankanenanso chifukwa china: iye anaona ndi maso ake masewerawa atatsala pang'ono kukwiriridwa limodzi ndi ngongole za TSR, ndipo ankafuna kuti ngakhale kampani ina idzagwe kapena kuipa mtima, masewerawo asadzafe. Mu 2004 Wizards yomweyo inalemba poyankha mafunso kuti ngakhale itadzasintha laisensiyo, munthu angathe kupitiriza kugwiritsa ntchito yakale.

Anthu anakhulupirira. Timakampani tambirimbiri tinabadwa, ena anasiya ntchito zawo n'kuyamba kukhalira kulemba. Kunatuluka zabwino ndi zachabechabe zomwe, ndipo Wizards itasintha malamulo mu 2003, patangotha zaka zitatu, masitolo ambiri anatsala ndi mabuku osagulika. Komabe lonjezo linali chilili.

Kuyesa koyamba kulizemba kunabwera mu 2008. Chaka cha 2007 Wizards inalanda chilolezo cha magazini a Dragon ndi Dungeon kwa Paizo, kampani yaing'ono ya mayi Lisa Stevens yomwe inkadalira magaziniwo. Kenako inatulutsa mtundu wachinayi wa malamulo pansi pa laisensi ina, Game System License, yomwe inali yothina ndipo kampani ikanatha kuithetsa nthawi iliyonse. Mu 2009 inasiyanso mwadzidzidzi kugulitsa mabuku ake a pakompyuta ponena kuti anthu akuba. Paizo, posowa kolowera, inatenga malamulo akale omwe anali otseguka pansi pa OGL, n'kuwakonza mothandizidwa ndi osewera masauzande ambiri, ndipo mu August 2009 inatulutsa Pathfinder. Pofika 2011 kafukufuku wa ICv2 m'masitolo a masewera ankaonetsa Pathfinder ili patsogolo pa Dungeons & Dragons. Gygax anamwalira mu 2008 ndipo Arneson mu 2009, osaona zimenezi.

Wizards inaoneka ngati yaphunzira. Mtundu wachisanu wa 2014 unapangidwa pofunsa osewera, ndipo mu 2016 unatsegulidwanso pansi pa OGL yakale ija. Zotsatira zake zinaposa maloto a aliyense. Gulu la Critical Role linayamba kusewera pamaso pa anthu pa intaneti mu 2015, sewero la Stranger Things la pa Netflix linaonetsa ana akuponya madayisi, ndipo m'nthawi ya Covid-19 anthu otsekeredwa m'nyumba anapeza anzawo kudzera m'masewerawa. Olemba odziimira paokha ankatolera madola mamiliyoni pa tsamba lotolerapo ndalama la Kickstarter. Phindu lalikulu la Hasbro linayamba kuchokera ku Wizards, pomwe malonda a zidole ankalowa pansi.

Apa m'pamene eni masheya anayamba kuyang'anitsitsa. Mu April 2022 Hasbro inagula D&D Beyond, tsamba lomwe osewera amalipira mwezi ndi mwezi posunga mabuku ndi anthu awo a m'nthano, pamtengo wa madola 146.3 miliyoni. Chaka chomwecho okonda Magic anakwiya kampani itagulitsa makadi 60 okumbukira zaka 30 pamtengo wa madola 999, makadi oti saloledwa n'komwe pampikisano. Mu December, mkulu wa Wizards panthawiyo, Cynthia Williams, anauza oika ndalama kuti Dungeons & Dragons sikukamidwa mokwanira, ndi kuti akufuna osewera aziwononga ndalama mobwerezabwereza monga zimakhalira m'masewera a pakompyuta. Ananenanso kuti otsogolera nthano ndi 20 peresenti yokha ya osewera koma ndiwo amagula kwambiri. Kunena zoona, kampani kufuna phindu si tchimo, ndipo olemba ndi ojambula ake amafunika malipiro. Koma wotsogolera yemwe wagula mabuku atatu okwera mtengo, n'kumaphikira anzake nkhani sabata iliyonse kwaulere, anamva kuti iye ndi tebulo lake akuwerengedwa ngati ndalama zomwe zikuthawa.

Pa 5 January 2023 mtolankhani Linda Codega wa Gizmodo anaulula zomwe zinali m'chikalata chatsopano, OGL 1.1, chomwe chinatumizidwa mwachinsinsi kwa osindikiza ena. Chinali chotalika pafupifupi kakhumi kuposa chakale. Wopeza ndalama zoposa madola 50,000 pachaka ankayenera kumapereka malipoti ku Wizards. Wopyola madola 750,000 ankayenera kupereka 25 peresenti ya ndalama zapamwamba pa malirewo, kapena 20 peresenti ngati zadzera pa Kickstarter, ndipo kuwerengera kwake kunali pa ndalama zonse zolowa, osati pa phindu. Kwa wosindikiza mabuku, yemwe amalipira mapepala, ojambula ndi zotumizira, gawo lotere limadya phindu lonse. Wizards inkadzipatsanso ufulu wogwiritsa ntchito chilichonse chomwe munthu wapanga popanda kumulipira, ndiponso wosintha mgwirizanowo pongochenjeza masiku 30. Koma chomwe chinabaya anthu pamtima chinali chiganizo chonena kuti laisensi yakale siilinso yovomerezeka. Maloya a kampani anapezerapo mpata poti chikalata cha 2000 chinati mpaka kalekale koma sichinanene kuti n'chosathetseka. Dancey anayankha poyera kuti cholinga chawo polemba sichinali chimenecho, ndipo akanafuna mphamvu yothetsa laisensiyo akanailemba.

Akuluakulu amati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Anthu anamanga mabizinesi, kulemba antchito ndi kulera ana kwa zaka 22 podalira mawu aja, ndipo masewera ena ambiri osakhudzana n'komwe ndi Dungeons & Dragons ankagwiritsa ntchito laisensi yomweyo pogawana malamulo awo. Ine ndimaona kuti osewera sanakwiyire peresenti, pakuti ndi makampani ochepa kwambiri omwe akanafika pa madola 750,000. Anakwiya chifukwa kampani inadya phindu la lonjezolo kwa zaka zonsezo, masewera ake n'kukula chifukwa cha thukuta la ena, kenako n'kufuna kulibweza pamene zinthu zakoma.

Kwa sabata yathunthu Wizards inangoti zii. M'masiku amenewo anthu oposa 60,000 anasaina kalata yotsutsa. Mawu anafalikira akuti mabwana amangoyang'ana chiwerengero cha olipira pa D&D Beyond, ndipo anthu anathamangira kukaletsa malipiro awo mpaka tsamba loletserapo linajama. Kampani yosindikiza ya Kobold Press inalengeza kuti ipanga malamulo akeake. Pa 12 January Paizo inalengeza laisensi yatsopano yotchedwa ORC, yoti isakhale m'manja mwa kampani iliyonse yosindikiza, inanenanso kuti ndi yokonzeka kukatsutsa Wizards kukhoti, ndipo osindikiza oposa 1,500 anaikhalira kumbuyo. Mabuku a Pathfinder omwe ankayembekezeka kugulitsidwa miyezi 8 anatha m'masabata awiri.

Yankho loyamba la Wizards, pa 13 January, linangothira mafuta pamoto. Kampani inati chikalatacho chinali chongoyeserera, ndi kuti cholinga chinali kuletsa zolemba zachidani, malonda a NFT ndi makampani akuluakulu odyera pa dzina lake. Zifukwa zimenezi si zopanda pake, koma sizinkafotokoza chifukwa chofunira 25 peresenti. Inawonjezera kuti osewera apambana ndipo nayonso yapambana, mawu omwe anthu anawamva ngati mwano. Patapita masiku asanu Kyle Brink, woyang'anira masewerawa, anapepesa mosazungulira. Kunatuluka chikalata china, OGL 1.2, chopanda msonkho uja koma chofunabe kupha laisensi yakale, ndipo kampani inapempha maganizo a anthu. Anayankha oposa 15,000. Mwa iwo 88 peresenti anati sangasindikize pansi pa laisensi yatsopanoyo, ndipo 89 peresenti anakana kuthetsedwa kwa yakale. Pa 27 January Wizards inagonja. Inasiya OGL yakale momwe inalili, n'kuikanso System Reference Document yonse ya mtundu wachisanu pansi pa Creative Commons, laisensi yomwe si yake ndipo singathe kuibweza. Pamenepa osewera anapeza zoposa zomwe anali nazo mkangano usanayambe.

Chikhulupiriro chokha sichinabwerere, ndipo kampani sinadzithandize. Mu April chaka chomwecho inatumiza apolisi aganyu a Pinkerton kunyumba kwa munthu wina amene anaonetsa pa YouTube makadi a Magic omwe anagulitsidwa kwa iye tsiku lake lisanakwane. Mu August osewera anazindikira kuti zithunzi zina m'buku latsopano la zimphona zinakonzedwa ndi AI, ndipo kampani inavomera n'kuzijambulitsanso. Mu December, masabata awiri Khirisimasi isanafike, Hasbro inachotsa ntchito anthu 1,100, ena mwa iwo a ku Wizards, m'chaka chomwe masewera a pakompyuta a Baldur's Gate 3, ozikidwa pa Dungeons & Dragons, anaibweretsera ndalama zochuluka.

Dungeons & Dragons ikadali yaikulu kuposa masewera ena onse a mtundu wake, ndipo malamulo okonzedwanso a 2024 nawonso anaikidwa pansi pa Creative Commons mu April 2025, monga kampani inalonjezera. Koma omwe anaopsezedwa mu January uja sanabwerere m'khola. Paizo inachotsa m'mabuku ake akuluakulu a malamulo chilichonse chodalira OGL n'kuwasindikizanso pansi pa ORC. Kobold Press inatulutsa Tales of the Valiant, kampani ya MCDM ya Matt Colville inapanga Draw Steel, ndipo Critical Role, yomwe inakokera anthu ambiri ku Dungeons & Dragons, inatulutsa masewera akeake a Daggerheart mu May 2025. Mwezi wotsatira Jeremy Crawford ndi Chris Perkins, omwe anatsogolera mtundu wachisanu kwa zaka zoposa khumi ndipo anali atangochoka ku Wizards, analengeza kuti ayamba ntchito ku Darrington Press, kampani yosindikiza ya Critical Role.